GOMBE NDI ZAMOYO ZA PA CISUMBU CA ZANZIBAR

Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yamcere. Tiri nayo mitsinje yaikuru monga Zambezi, Luangwa ndi Kafue, tiri nazonso nyanja za madzi akumwa monga Bangweulu, Mweru ndi Kariba. Koma mwana wa ku Chipata kapena wa ku Petauke akhoza kukula kufikira kumera imvi osalawako madzi amene munthu sangathe kumwa cifukwa ca mcere. M'phunziro lino tidzaona dziko laling'ono lozingidwa ndi madzi otere mbali zonse. Dziko lozingidwa ndi madzi timalicha cisumbu, ndipo ena amati cilumba.

Tengani mapu a Afrika. Ikani cala pa Kapiri Mposhi, nimutsate njanji ya TAZARA yodzera pa Serenje, Mpika, Kasama ndi Nakonde. Njanji imeneyi inatha kumangidwa caka ca 1975, ndipo utali wace ndi makilomita 1,860. Imathera pa Dar es Salaam, m'mphepete mwa Nyanja ya India. Pamenepo munthu amakwera sitima ya pamadzi, ndipo atayenda monga maora awiri amafika pa cisumbu cimene eni ace amacicha Unguja. Kumpoto kwace kuli cisumbu cinzace dzina lace Pemba. Ziwirizi pamodzi ndi tizisumbu tina tambiri ndizo Zanzibar, imene inaphatikizana ndi Tanganyika caka ca 1964, caka comwe ife tinalandira ufulu, nizikhala dziko limodzi la Tanzania. Utali wa Unguja ndi makilomita 85, ndipo pamene patambalala koposa ndi makilomita 39 okha. Anthu ace amalankhula Ciswahili, cimene mau ace ena simungawaphonye: madzi amati maji, mvula amati mvua, nyumba amati nyumba.

Makolo athu analidziwa dzina la Zanzibar ndi misozi, pakuti kumeneko kunali msika waukuru wa akapolo, umene unatsekedwa caka ca 1873. Pa malo a msikawo anamangapo chalichi, ndipo m'kati mwace muli kamtanda kosemedwa ndi mtengo wocokera kuno kwathu, mtengo uja wa kwa Chitambo umene patsinde pace anakwirira mtima wa David Livingstone. Zimenezi mudzaziphunzira bwino m'mbiri yakale. Lero tipite ku gombe.

MADZI AMENE AMACOKA NDI KUBWERA

Mtsinje wa Luangwa umadzala nthawi ya dzinja ndi kuphwa nthawi ya malimwe, kamodzi pa caka. Nyanja yamcere imacita zomwezo kawiri pa tsiku limodzi. Mlendo amene wafika pa mudzi wa Paje kapena wa Jambiani, kum'mawa kwa Unguja, angaone mamawa mafunde alikugunda pafupi ndi mitengo ya kokonati, ngalawa zonse zirikuyandama. Atapita kukadya ndi kupumula, pobwera apeza madzi athawa. Ngalawa zija zagona cammbali pa mcenga, ndipo anthu alikuyenda ndi mapazi pamene panali madzi omiza munthu wamtali. Pa malo ena madzi amabwerera kupitirira kilomita imodzi. Patapita maora monga asanu ndi limodzi cicokere, amayambanso kubwera.

Cimene cimakoka madziwo ndi mwezi. Mwezi umakoka dziko lathu ndi mphamvu yosaoneka, ndipo madzi, pokhala osalimba ngati mtunda, amaunjikana mbali imene akokedwera. Dzuwa nalonso limakoka, koma mocepa, cifukwa liri kutali kwambiri. Mwezi ukakhala watsopano, ndiponso pamene uli wathunthu, dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi. Pamenepo madzi amadzala kwambiri naphwanso kwambiri. Aswahili amacha masiku amenewa bamvua. Mwezi ukakhala theka madzi sasuntha kwambiri, ndipo amati maji mafu, ndiko kunena kuti madzi akufa. Tsiku ndi tsiku nthawi ya kuphwa imacedwa monga mphindi 50, kotero kuti mai amene lero anapita ku gombe dzuwa likutuluka, mawa adzapita litakwera pang'ono. Nchito zambiri za pa midzi iyi zimatsata mwezi.

Ana a kumeneko amaphunzira msanga kuti madzi akayamba kubwera munthu sacedwa. Madziwo safika onse pamodzi. Amayamba kudzaza makwawa ndi malo otsika, ndipo munthu wotanganidwa ndi kutola nkhono angadzidzimuke atazingidwa, njira ya kumudzi itatsekeka kumbuyo kwace.

LINGA LA KORALI

Mukaima pa gombe ndi kuponya maso kutali, mudzaona mzere woyera wa thobvu pamene mafunde akuru alikusweka. Pansi pa mzerewo pali matanthwe ochedwa korali. Matanthwe amenewa sanalengedwe monga miyala ya m'mapiri athu. Anamangidwa ndi tinyama tamoyo. Nonse mudziwa m'mene ciswe, cingakhale cacing'ono, cimamangira culu coposa nyumba. Momwemonso kanyama ka korali, kofewa, kokhala ndi kamwa pakati ndi timanja pozungulira pace, kamatenga njereza m'madzi ndi kudzimangira kacikho kolimba kokhalamo. Kakafa, tinzace timamanga pamwamba pa kacikhoko. Mitundu ina imakula monga sentimita imodzi yokha pa caka. Tsono thanthwe lalikuru ngati nkhokwe linayamba kumangidwa agogo a agogo anu asanabadwe.

Korali wina amaoneka ngati nyanga za mphalapala, wina ngati bowa, wina ngati bongo wa munthu. Pakati pace pamakhala nsomba zofiira, zacikasu, zamizeremizere ngati mbidzi, ndi zina zamaonekedwe amene ife tiribe maina ace. Linga limeneli limacinjiriza gombe, pakuti mafunde amaswekera pamenepo nafika ku midzi atatha mphamvu. Nyumba zakale za m'mzinda wa Zanzibar zinamangidwa ndi miyala ya korali yomweyo.

Pali nsomba imodzi yoyenera kuichula, dzina lace pono. Mano ace ngolumikizana ngati mlomo wa cinkhwe, ndipo tsiku lonse imapala ndere za pa matanthwe, nimeza ndi zidutswa za korali zomwe. Zidutswazo zimaperedwa m'kati mwace, nizituluka ziri mcenga wosalala. Mcenga wa gombe la Zanzibar ndi woyera mbe ngati ufa woyera cifukwa ndiwo korali ndi zigoba za nkhono zoperedwa, wina ndi mafunde, wina ndi pono. Wina wa inu akadzaponda mcengawo adzakumbukire kumene wina unadzera.

M'thupi mwa kanyama ka korali mumakhala tindere tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga amacitira masamba a cimanga. Kanyamako kamadya nao cakudyaco. Koma madzi akatentha kupitirira muyeso kwa masabata angapo, tinderetu timacoka, korali nayera ngati mafupa, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Zotere zinacitika kwambiri m'Nyanja ya India caka ca 1998, ndiponso caka ca 2016. Anthu naonso aononga korali ndi anangula a ngalawa, ndi makoka okoka pansi, ndi mabomba amene asodzi ena a m'gombe la Tanzania anali kuponya m'madzi. Msodzi wa bomba afanana ndi munthu wothira katupe m'dziwe: tsiku limenelo amadzaza dengu, koma wapha ndi mbeu yomwe. Pa kacisumbu ka Chumbe usodzi unaletsedwa kuyambira caka ca 1994, ndipo pamenepo pamapezeka mitundu ya korali monga 200 ndi ya nsomba yoposa 400.

MINDA YA M'MADZI

Madzi akaphwa, amai amatsikira ku gombe atanyamula zingwe ndi matumba. Iwo ali ndi minda m'nyanja. Mbeu yao ndi ndere zazikuru za nthambi zonenepa, zimene amazicha mwani. Ulimi umenewu unayamba caka ca 1989 pa midzi ya Paje ndi Jambiani, ndipo mbeu yace inacokera ku Philippines. Mai amakhoma zikhomo m'mcenga, namanga cingwe kucokera pa cikhomo cina kufika pa cinzace, napacika tinthambi ta mwani pa cingweco. Sathirira, sapalira ndi khasu, safuna manyowa. Patapita masabata asanu ndi limodzi amakolola, nayanika padzuwa, nagulitsa kwa amalonda amene amatumiza mwani ku maiko akutali. Kumeneko amacotsamo madzi onanda amene amathira m'zakudya zina ndi m'mankhwala otsukira mano. Kapena mamawa ano mwatsuka mano ndi thukuta la mai wa ku Jambiani osadziwa.

Alimi a mwani ndi oposa 20,000, ndipo ambiri ndi akazi. Nchitoyo ndi yowawa: amakhala m'madzi amcere maora ambiri ataweramira pansi, dzuwa likuwaocha pamsana, ndipo mtengo wa mwani ndi wocepa. Komabe ndarama zimenezo zagula zobvala za sukulu ndi malata a nyumba m'midzi imene kale akazi analibe pogwira ndarama yaoyao. Tsoka lace, kutentha kuja kumene kumapha korali kumaphanso mwani. M'madzi osaya a pafupi ndi gombe mtundu umene unali kugulidwa pa mtengo wabwino unayamba kuyera ndi kuthothoka pa zingwe. Amai ena asamutsira minda yao ku madzi akuya kumene kuli kozizira, koma kumeneko kufuna ngalawa, ndipo ambiri a iwo sanaphunzire kusambira ali ana. Ena aphunzira ali akuru, cifukwa ca mundawo.

Amai ena amayenda pa matanthwe ndi kamtengo kosongoka, kufuna nyama yochedwa pweza. Palibe cinthu kuno kwathu cofanana nayo. Iribe pfupa ndi limodzi lomwe. Iri ndi mutu ngati thumba, miyendo isanu ndi itatu yokhala ndi tizikho tomamatira, ndi mitima itatu. Imasintha maonekedwe ace msanga koposa birimankhwe, ndipo ikaopsedwa imalabvula madzi akuda ngati inki, nithawa mdani asakuona. Imabisala m'mauna a m'matanthwe, koma mai wozolowera amazindikira una wace poona zigoba za nkhanu zimene yadya ziri mbwee pakhomo. Pweza zitayamba kucepa, midzi ina ya ku Pemba inapangana kuyambira caka ca 2015 kutseka gawo lina la matanthwe monga miyezi itatu. Popeza pweza imakula msanga, tsiku lotsegula anthu amagwira zazikuru zolemera. Ndi nzeru yomwe ija ya kugoneka munda kuti ubwerere nthaka.

KASA

Fulu mumamdziwa, nkhasi ya m'madambo mumaidziwanso. M'nyanja yamcere muli mbale wao wamkuru, amene Aswahili amamucha kasa. Kasa wamkuru amalemera kupitirira makilogalamu 100, ndipo m'malo mwa miyendo ali ndi zopalasira ngati nkhafi. Moyo wace wonse amakhala m'madzi, koma wamkazi amatulukira ku mtunda usiku kudzaikira mazira. Amadzikoka pa mcenga mobvutika, nakumba dzenje ndi zopalasira za kumbuyo, naikira mazira monga 100, nakwirira, nabwerera m'madzi osadzawaonanso. Mcenga wofunda ndiwo umafungatira. Codabwitsa ndi ici: mcenga ukatentha kwambiri ana ambiri amabadwa akazi, ukazizirirapo amabadwa amuna.

Patapita monga miyezi iwiri tiana timaswa, titafukula mcenga timathamangira ku madzi. Pa ulendo waufupi umenewu nkhanu ndi mbalame zimatitola, ndipo m'madzi nsomba zirikudikira. Anthu ophunzira za nyama amayesa kuti mwa ana 1,000 mmodzi yekha amafika pa ukuru. Amene wapulumuka, akakhala wamkazi, amabwerera patapita zaka 20 kapena kuposapo kudzaikira mazira ku dera lomwelo kumene anaswedwa. Akapeza gombe lace atamangapo nyumba za alendo zowala nyali usiku wonse amasokonezeka, ndipo tiana timene tiyenera kutsata kuwala kwa pa nyanja timalondola nyalizo, nitifera ku mtunda.

Lamulo limaletsa kupha kasa, ndipo pa mudzi wa Nungwi, kumpoto kwa Unguja, anthu anayamba caka ca 1993 kusunga m'thamanda akasa okodwa m'maukonde kufikira atacira, ndi kuwabweza m'nyanja. Komabe ena amadya nyama yace mobisa. Nthawi zina nyamayo imakhala ndi ululu umene sutha ndi kuphika komwe, ndipo munthu sangauzindikire ndi maso kapena ndi lilime. Mwezi wa March caka ca 2024, pa kacisumbu ka Panza ku Pemba, ana asanu ndi atatu ndi mai mmodzi anafa atadya kasa, ndipo anthu ena 78 anagonekedwa m'cipatala. Ululu umenewu umagwira ana koposa akuru.

Kumwera kwa Unguja, pafupi ndi mudzi wa Kizimkazi, kumapezeka pomboo. Amaoneka ngati nsomba yaikuru yotuwa, koma si nsomba ai, pakuti amapuma mpweya ndi kauna ka pamutu, nabala ana amoyo ndi kuwayamwitsa monga ng'ombe. Kale asodzi anali kumupha kuti nyama yace ikhale nyambo. Anasiya ataona kuti alendo amalipira ndarama kuti angomuona. Caka ca 2023 ku Zanzibar kunafika alendo oposa 600,000 ocokera ku maiko ena. Koma ngalawa za injini zikacuruka ndi kuthamangitsa pomboo m'mawa uli wonse, amai ace sapeza nthawi yopumula ndi kuyamwitsa. Ine ndiyesa kuti mlendo wotere, angakhale walipira, sanacite mwaulemu.

M'NKHALANGO YA JOZANI

Tsopano ticoke ku gombe. Nkhalango zambiri za pa Unguja zinatha ndi minda ya karafuu ndi kokonati, ndi nkhuni, ndi makala. Yaikuru imene inatsala ndi Jozani, imene boma linaiika kukhala malo osungira nyama caka ca 2004. M'menemo muli pusi amene sapezeka kwina kuli konse kunja kwa zisumbu izi. Msana wace ndi wofiira, manja ndi mapewa akuda, mimba yoyera, nkhope yakuda, ndipo pamutu pali tsitsi loyera lanyankhalala ngati la nkhalamba yongodzuka kumene. Cala cacikuru ca kumanja alibe, kangotsala kacitsa. Zala zinai zimakola nthambi ngati mbedza. M'mabuku a anthu ophunzira anamucha dzina la John Kirk, dokotala amene anayenda ndi Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira caka ca 1858, nakhala pambuyo pace nduna ya Angerezi ku Zanzibar.

Pusi ameneyu amadya masamba anthete ndi zipatso zosapsa. Mimba yace ndi ya zigawo, yofanana pang'ono ndi ya mbuzi, cifukwa cace atadya amakhala phee pa nthambi nthawi yaitali. Amene amakhala pafupi ndi midzi amadya masamba a mango ndi a mitengo ina imene muli ululu pang'ono, ndipo anapeza okha mankhwala ace: amadya makala. Amatola makala pa zitsa zopserera, ndipo ena amaba pa ng'anjo za anthu ooca makala. Makalawo amamwa ululu m'mimba. Mwana amaphunzira poona amace. M'zipatala namonso madokotala amapatsa makala okonzedwa mwapadera kwa munthu amene wamwa ululu wina.

Eni dziko anamucha kima punju, ndiko kuti pusi wa ululu, pakuti anali kukhulupirira kuti mtengo umene wadyapo umauma, ndipo alimi anali kumupha. Pamene anawerengedwa, ciwerengero cimene cinalengezedwa caka ca 2017 cinali 5,862, ndiwo onse a mtundu umenewu pa Unguja. Anthu a m'tauni imodzi yaing'ono ya kwathu kuno acuruka kuposa pamenepo. Ena amafa pogundidwa ndi magalimoto pa mseu wodutsa m'mbali mwa nkhalango, ndipo anaikapo zitunda kuti oyendetsa acepetse liwiro. Gawo la ndarama zimene alendo amalipira pa cipata limapita ku midzi yozungulira.

Nyalugwe wa pa Unguja sanapeze mwai wotere. Anali wocepa thupi kuposa wa ku Luangwa, ndipo mawanga ace anali ang'onoang'ono. Anthu anali kunena kuti afiti amaweta anyalugwe ndi kuwatuma kukagwira mbuzi za anzao, ndipo kuyambira caka ca 1964 anawasaka kolimba pamodzi ndi anthu oganiziridwa ufitiwo. Zoona zace n'zakuti minda inalowa m'nkhalango, nyama zimene nyalugwe anali kudya zinacepa, iye nayamba kugwira zoweta. Anthu ophunzira amene anamfunafuna zaka za 1996 ndi 1997 sanaone ndi mmodzi yemwe wamoyo.

Pa tizisumbu tating'ono palinso zina. Pa Chumbe pali nkhanu ya pamtunda yolemera kufikira makilogalamu anai, imene imakwera mitengo ndi kung'amba kokonati ndi zipani zace. Pa Changuu pali afulu akuruakuru oposa mtondo, amene amakhala ndi moyo zaka zoposa 100. Makolo ao anai anabwera kucokera ku Seychelles caka ca 1919, naswana kufikira monga 200, koma akuba anawatenga kufikira caka ca 1996 anatsala asanu ndi awiri okha. Pamenepo anawamangira mpanda nabweretsanso ena.

Ku Pemba kuli mleme waukuru wodya zipatso, waubweya wofiirira ndi nkhope ngati ya nkhandwe, umene mapiko ace ukatambasula amaposa mita imodzi ndi theka. Anthu anali kuudya monga ndiwo, ndi kudula mitengo yaitali imene umagonamo, kotero kuti caka ca 1990 cisanafike mileme inatsala yowerengeka. Yambiri ya yotsalayo inali m'mitengo ya kumanda, kumene munthu saloledwa kudula mtengo, monga ziri kwathu kuno. Aphunzitsi ndi ana a sukulu anapanga timagulu toyenda m'midzi kufotokoza kuti mleme umenewu sapezeka kwina konse, ndi kuti umafesa njere za mitengo m'nkhalango, ndipo midzi inaika malamulo ace oletsa kusaka pa malo ogona milemeyo. Zisanathe zaka 20 anaiwerenganso, napeza yoposa 20,000.

MAFUNSO NDI ZOCITA

1. Jambulani mapu oonetsa ulendo wocokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Unguja.
2. Kodi bamvua ndi maji mafu zisiyana bwanji? Yang'anani mwezi usiku uno, nimunene ngati amai a ku Jambiani ali ndi madzi ophwa kwambiri kapena ai.
3. Fotokozani m'mene korali afanana ndi culu, ndi m'mene asiyana naco.
4. Cifukwa ninji alimi ena a mwani aphunzira kusambira ali akuru?
5. Kima punju amadyeranji makala?
6. Funsani agogo anu maina a nyama zimene zinali pafupi ndi mudzi wanu iwo ali ana, zimene tsopano sizioneka. Lembani mainawo m'kope lanu, ndi cimene agogowo ayesa kuti cinazicotsa.